Madzi akakokolola buku lanu lachipatala: momwe mungapitirizire kulandira thandizo

Kuno ku Malawi tilibe inshuwalansi ya zaumoyo ya boma yofikira aliyense. Chomwe chimatipulumutsa pa ngozi n'chakuti zipatala za boma sizilipiritsa. Koma namondwe wa Freddy atagumula nyumba ku Chilobwe, Phalombe ndi Mulanje mu Malichi 2023, tinaona kuti munthu amene mapepala ake apita ndi madzi amavutika kulipeza thandizo laulerelo.

Mukangofika kumsasa, lembetsani banja lonse kwa a komiti yoona za ngozi, kenako funafunani mlangizi wa zaumoyo. Muuzeni tsiku lomwelo ngati pali womwa ma ARV, mankhwala a TB, a BP, a shuga kapena a khunyu. Musachite manyazi, muitanireni pambali. Botolo la mankhwala likapulumuka, ngakhale lopanda kanthu, lisungeni, chifukwa limathandiza dokotala kudziwa zomwe munkamwa.

Tsopano mvetserani bwino apa, chifukwa ndi pomwe zinatithina ife. Mlatho utaduka, chipatala cha boma sichinkafikika, ndiye tinapita ndi mayi anga a BP kuchipatala cha mishoni, tili ndi chikhulupiriro chakuti okhudzidwa ndi ngozi salipira. Mayi atayezedwa kale, pawindo anatiwerengera bilu, m'thumba muli mbee. Zipatala za mishoni, zomwe zili pansi pa bungwe la CHAM, zimalipiritsa. Zambiri zili ndi mgwirizano ndi boma wothandiza odwala mwaulere, inde, koma kawirikawiri umakhudza amayi oyembekezera ndi makanda, osati matenda onse. Choncho musanakhale pamzere funsani kuti, "Kodi vuto ili lili pa mgwirizano wa boma?" Akati ayi, ndipo wodwalayo sali mwakayakaya, funsani mlangizi uja tsiku lomwe achipatala oyendayenda abwere kumsasa. Koma ngati wodwala wafooka, thamangani nayeni basi, za ndalama mukakambirana komweko.

Buku latsopano gulani, si lodula, ngakhale mavenda a pageti amakweza mtengo akaona anthu apanikizika. Mapilitsi a pamsika, omangidwa m'timapepala topanda dzina, asiyeni. Ena anaviikidwa m'madzi omwewo n'kuyanikidwa padzuwa.

A ma ARV, mbiri yanu ilipo kuchipatala komwe munayambira, ndiye msewu ukatseguka pitani akakulembereni zonse m'buku latsopano. Ana akapitirize sikelo ndi katemera. Masamba ofunika a bukulo ajambuleni pafoni, mutumizenso pa WhatsApp kwa m'bale wokhala kutali.