Musanapatsire wa basi mankhwala a kuiwala

Muli ku Joni kapena ku Leeds, foni yalira: anganga ku Thekerani adzuka pakati pa usiku n'kutenga khasu, dzina la mdzukulu aliiwala, ndiwo apsereza kawiri sabata ino. Tsiku lomwelo mwaona pa Facebook kuti asayansi atulukira chimene chimawononga ubongo wa okalamba, ndipo mukuganiza zogula timabotolo ta "enzyme" pa intaneti kuti mutumize kumudzi. Gwirani kaye ndalama yanu.

Nkhani zambiri zoterezi zimachokera pa mbewa. Osati zapampani zija ayi, koma zoweta mu labotale, zimene amazisintha chibadwa mwadala kuti zisowe enzyme inayake. Ma enzyme ena ntchito yawo ndi kugaya zinyalala m'maselo. Akasowa, zinyalalazo zimaunjikana, maselo olondera ubongo otchedwa microglia amalusa, ubongo n'kutupa, ndipo alonda aja amayamba kuwononga minyewa yomwe amayenera kuteteza. Si nkhambakamwa, zimakhudzanso anthu: amene enzyme ya glucocerebrosidase sigwira bwino ntchito m'thupi mwawo amakhala pachiopsezo chachikulu chodwala Parkinson's, matenda onjenjemeretsa manja aja. Koma mbewa imakhala zaka ziwiri kapena zitatu basi, pomwe anganga adya Khirisimasi 80. Mankhwala ambiri amene anathandiza mbewa anakanika atawayesa pa anthu. Ngakhale lecanemab, yemwe America inavomereza mu 2023, sachiza Alzheimer's, matenda a kuiwala a okalamba. Amangochedwetsako pang'ono, ndi wa diripi, ndipo amafuna kujambula ubongo pa MRI pafupipafupi. Ndiye timabotolo ta "enzyme" ta pa intaneti tija tisiyeni.

Ndalamayo tumizani pa Mukuru ikhale ya thiransipoti. Abale apite ndi anganga kuchipatala cha pa boma ku Thyolo kapena ku Malamulo, ndipo owaperekeza akhale amene amagona nawo nyumba imodzi, woti akafotokoze bwino kuti zinayamba liti. Buku lakuchipatala asalisiye. Akapemphe kuyezetsa BP, shuga, HIV ndi chindoko, poti kusokonezeka kwina kumabwera ndi matenda amene mankhwala ake alipo. Adokotala akati apite ku Gulupu ku Blantyre, musazengereze.

Chimene chimandiopsa ine kwambiri ndi pakamwa pa anthu. Nkhalamba ikapezeka m'munda wa tiyi mbandakucha isakudziwa kwawo, amati yagwa pa ndege yaufiti, ena atola kale miyala. Imbirani amfumu ndi akulu ampingo zisanafike apo, muwauze kuti anganga akudwala ndipo akuonana ndi adokotala. Lamulo la 1911 limaletsa kunena munthu kuti ndi mfiti, muwakumbutse. Pezani wachibale mmodzi wowayang'anira, muzimupatsa ya sopo mwezi ndi mwezi, usiku azikhoma chitseko ndipo machesi azibisa.