Kusunga satifiketi ya ABOG chaka ndi chaka

Dokotala wa amayi ku America amatani kuti satifiketi yake ya ABOG (American Board of Obstetrics and Gynecology, bungwe lopereka satifiketi ya ukatswiri kwa madokotala a amayi) isathe mphamvu?

Musanayambe, laisensi yanu yaudokotala ikhale yamoyo, yopanda chiletso chilichonse.

1. Lowani pa akaunti yanu ya ABOG, lembetsani ndi kulipira. Izi ndi za chaka chilichonse.
2. Werengani zolemba zakafukufuku zimene ABOG yasankha, muyankhe mafunso ake. Pamafunika kukhoza 80 pa 100.
3. Chitani ntchito yowongolera kasamalidwe ka odwala anu, muipereke ku ABOG.
4. Chaka cha 6 cha ndondomekoyi kumakhala mayeso, koma amene wakhala akukhoza bwino kwambiri mafunso aja sawalemba.

Ambiri amaphonya pa nambala 2. Amaunjika zolembazo mpaka tsiku lomaliza litayandikira, n'kumaziwerenga usiku ndi maso atulo, atangotuluka m'chipinda chochilira. Mafunso oyankha mothamanga ndiwo angakubwezereni ku mayeso aja, choncho muziwerengako pang'onopang'ono mwezi uliwonse.