Mukaona masamba pamsewu, patsogolo pali maliro

Mukamayenda m'mudzi kapena m'makwalala a m'tauni n'kupeza masamba aawisi atayalidwa mopingasa msewu, dziwani kuti pafupi pali maliro. Apanjinga tsikani, muziikankha mpaka mutadutsa masamba achiwiri, chifukwa amaika mbali zonse ziwiri. Apagalimoto chepetsani liwiro, zimitsani wailesi, osaliza hutala. Abambo vulani chipewa.

Ambiri amalakwitsa pokweranso njinga atangopitirira nyumba ya siwa, masamba enawo asanawafike. Apo ndi pomwe adzukulu amakuimitsani, nkhani n'kukafika kwa amfumu, mwina mpaka chindapusa, ulendo waufupi n'kukudyerani tsiku lonse.

Mukakumana ndi anthu atanyamula bokosi kupita kumanda, patukani muime pambali mpaka womaliza adutse. Osadula pakati pa mzere wawo, ngakhale mutachedwa bwanji.