Kusankha makina opopa fumbi omangirira m'nyumba

Makina opopa fumbi omangirira m'nyumba, omwe ndi ofala ku Canada ndi ku United States, amasiyana ndi aja okoka pamanja chifukwa injini yake imakhazikika pamalo amodzi, kawirikawiri m'galaja, ndipo mapaipi a PVC a mainchesi 2 amadutsa m'makoma kukatulukira m'zipinda. Wosesa amangolumikiza paipi yofewa, yotalika pafupifupi mamita 9, pakabowo ka pakhoma.

Ubwino umene ndimauona kukhala waukulu ndi wakuti mpweya wochokera m'makinawa ukhoza kutulutsidwira panja, kotero kuti fumbi lija limaoneka likuuluka dzuwa likalowa pawindo silibwereranso m'chipinda. Kwa banja limene lili ndi mwana wodwala mphumu, imeneyi si nkhani yaing'ono. Phokoso nalo limatsalira kugalaja.

Musanagule, tengani chingwe chotalika ngati paipi yofewayo, muyende nacho m'nyumba monse mokhota mipando ndi zitseko, kuti mudziwe poika mabowo. Mphamvu yokoka imalembedwa m'ma air watts, ndipo nyumba yaikulu kapena yosanja imafuna nambala yokwera, popeza mphamvuyo imachepa mapaipi akatalika kapena akachuluka mokhota. Makina okhala ndi thumba ndi aukhondo pokhuthula, koma muzigula matumba nthawi ndi nthawi. Opanda thumba amafuna kuti muzikhuthula chidebe ndi kuyeretsa sefa.

Mukamaitanitsa kunja, dziwani kuti makina ambiri a ku North America amayendera magetsi a ma volts 120, pomwe magetsi a ku Malawi ndi ku Zambia ndi a ma volts 230. Mapaipi muwaike nyumba ikumangidwa, makoma a njerwa asanapakidwe pulasitala, chifukwa kugumula khoma pambuyo pake kumadya ndalama zambiri.