Mankhwala opopera chimanga si osambitsira galu

Kuyambira pomwe mvula inagwa chaka chino, ndaitanidwa kangapo kukaona agalu odwala mofanana: dovu likuchucha, thupi likunjenjemera, miyendo yakumbuyo yakana kuyenda. Ndikafunsa zomwe galuyo wadya, eni ake amati sanadye chachilendo. Ndikayang'ana kuseri kwa nyumba ndimapeza pampu yopopera ili chonyowa ndi botolo la cypermethrin pambali pake. Nkhani yonse imakhala pomwepo.

Nthawi ya dzinja nkhupakupa zimachuluka, zimadzaza m'makutu ndi pakati pa zala za galu. Nthawi yomweyonso ndi pomwe tikulimbana ndi mbozi m'chimanga. Ndiye munthu akapopera m'munda, otsalira mu pampu aja amati asatayike, amamuthira galu. Ena amatenga dibi wa ng'ombe osasungunula n'komwe, kumuyeza ndi chivindikiro cha botolo, kumupaka galu msana wonse. Enanso amawaza ufa wa Actellic uja wa m'matumba a chimanga. Abale anga, tidzaleka liti zimenezi? Mulingo wolembedwa pa botolo lija anayezera mbewu kapena ng'ombe yolemera makilogalamu 300, osati kagalu ka makilogalamu 12. Mankhwalawa amalowa kudzera pakhungu, ndipo galu akangomasulidwa amayamba kudzinyambita, n'kumeza ena. Mphaka ndiye musayese n'komwe. Chiwindi chake sichitha kusungunula mankhwala a mtundu wa cypermethrin ndi permethrin, moti ngakhale kungogona moyandikana ndi galu wopakidwa kumene kumatha kumudwalitsa.

Bambo wina amene ndimamudziwa bwino, mlimi wakhama ndithu, anandiimbira foni madzulo ena galu wake ali gone. Nditafika ndinapeza amugwira kukamwa, akumuthira mkaka wosakaniza ndi mafuta ophikira. Ndinati, "Bambo, siyani, mumupha msanga." Iwo anati, "Alangizi, bambo anga ankatero, agalu awo ankachira." Galu wofooka sameza bwino, mkaka uja unalowera kumapapo. Sanafike m'mawa. Anali galu amene ankagona pakhomo pa khola, ndipo pasanathe mwezi akuba anatulutsa mbuzi ziwiri usiku popanda wouwa. Botolo la mankhwala oyenera a agalu silikanafika ngakhale pa mtengo wa mwendo umodzi wa mbuzi. Mwana wawo wamng'ono, amene ndiye anagwira galuyo pomusambitsa, anatupa manja ndi kumva kuyabwa kumaso masiku awiri, koma zimenezo bambowo anazinena pomaliza ngati nkhani yapambali.

Chinanso chondipweteka ndi ichi: anthu akaona dovu amathamangira kunena kuti ndi chiwewe, n'kuyamba kugenda galu amene iwo eni amuthira poizoni m'mawa womwewo. Komanso musatembenuze mawu angawa. Galu amene simunamupake kanthu, koma akutuluka dovu ndipo wasintha khalidwe, musamugwire kukamwa. Mutsekereni, itanani mlangizi wa ziweto. Akaluma munthu, balalo litsukidwe ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15, kenako kuchipatala tsiku lomwelo.

Tsono ngati mwalakwitsa kale, chitani izi mwachangu. Valani majumbo m'manja, musambitseni ndi sopo ndi madzi ambiri ofunda pang'ono, kutsukuluza kawiri katatu, kutali ndi chitsime ndiponso osalola madziwo kulowa m'maso. Mupukuteni, mumugoneke pa thumba pamalo achete opanda dzuwa. Osamumwetsa mkaka, mafuta, mazira kapena madzi amchere, ndipo osamukakamiza kusanza. Akamaphiriphitha musalowetse dzanja mkamwa mwake. Panado wanu mumusunge, kwa mphaka piritsi limodzi ndi imfa. Nyamulani botolo la mankhwala munamuthirawo popita kwa mlangizi wa ziweto ku EPA (ofesi ya zaulimi ya m'dera lanu), chifukwa jakisoni wothandiza amatengera dzina la mankhwalawo. Kulinso mabungwe osamalira nyama: a ku Lilongwe kuli LSPCA, a ku Blantyre kuli BSPCA. Nambala ya mlangizi ikhale mu foni lero, osati muziifunafuna kwa aneba galu ali kale pansi.

Za nkhupakupazo, gulani mankhwala olembedwa kuti ndi a agalu kusitolo ya mankhwala a ziweto, musungunule monga alembera, ndipo tchetchani udzu pomwe amagona. Zikakhala zochepa zizuleni ndi kachopanira, kugwira kumutu pafupi ndi khungu, n'kuziponya pamoto.