Momwe mungatsegulire masamba ambiri nthawi imodzi kudzera pa Tor pogwiritsa ntchito Python

Mnzanga wina wotola nkhani ku Nchalo amayendera masamba a pa intaneti pafupifupi makumi atatu m'mawa uliwonse, kufufuza zilengezo za makontirakiti ndi za malo. Sankafuna kuti eni masambawo aziona adiresi yake ya IP (nambala yomwe imazindikiritsa kompyuta pa intaneti) tsiku ndi tsiku. Tinakhala pakhonde madzulo ena, kutentha kutachepako, n'kulemba kapulogalamu komwe ndikufotokozereni pano.

Tor imatenga pempho lanu n'kulidutsitsa m'makompyuta atatu a anthu ongodzipereka. Yoyamba imakudziwani koma sidziwa komwe mukupita, yomaliza imadziwa komwe mukupita koma sikudziwani. Pulogalamu ya Tor amaisamalira ndi a Tor Project, bungwe lomwe linakhazikitsidwa mu 2006.

Yambani ndi kuyika zofunika. Pa Ubuntu lembani sudo apt install tor, kenako pip install requests pysocks. Tor ikadzuka imadikira pa port 9050, lomwe ndi khomo lolowera mapempho pa kompyuta yanu. Ngati mwatsegula Tor Browser, nambala yake ndi 9150.

Kenako uzani requests, chida cha Python chotengera masamba, kuti idutse pa Tor. Pa proxies, mbali ya http ndi ya https yomwe, ikani:

socks5h://127.0.0.1:9050

Samalani ndi chilembo "h" chimenecho. Mukachiiwala, kompyuta yanu imadzifufuzira yokha dzina la tsambalo pa DNS (yomwe imasandutsa dzina la tsamba kukhala adiresi ya IP) kudzera pa netiweki yanu, kaya ndi TNM kaya Airtel, ndiye kuti komwe mukupita kwaonekera kale pempho lisananyamuke. Chikakhalapo, ntchito yofufuza dzinayo imachitikira mkati mwa Tor. Musanapitirire, yesani kutsegula check.torproject.org/api/ip kudzera m'kapulogalamuka. Yankho likakhala ndi IsTor true komanso IP yomwe si yanu, zatheka.

Tsopano za kutumiza ambiri pamodzi. Tor ndi yochedwa, ndipo kudikira tsamba limodzi ndi limodzi kungakudyereni m'mawa wonse. Tengani ThreadPoolExecutor kuchokera mu concurrent.futures, muyike max_workers=4, kutanthauza antchito anayi otenga masamba nthawi imodzi. Koma pali msampha: antchito anayiwa akalowera pakhomo limodzi popanda chowasiyanitsa, akhoza kuyenda njira imodzi n'kutulukira pa IP imodzi. Ambiri amathamangira Stem, chida cha Python cholamulira Tor, ndi lamulo la NEWNYM lopempha njira zatsopano pa port 9051. Ine sindikulimbikitsa zimenezo pano, chifukwa Tor imalola lamuloli pafupifupi kamodzi pa masekondi 10, ndipo limakhudza onse nthawi imodzi. Njira yabwino ndi kumupatsa aliyense dzina lake:

socks5h://wantchito1:x@127.0.0.1:9050

Wachiwiri akhale wantchito2, chonchobe mpaka wachinayi. Dzina ndi pasiwedi si zenizeni, mungolemba zilizonse. Tor ikaona kuti zasiyana, aliyense imamutsegulira njira yakeyake.

Zina ndi za kwathu kuno kuchigwa. Ikani timeout=60 pa pempho lililonse kuti likakhala chete masekondi 60 lisiyidwe, likakanika muyesenso kawiri kokha, bandulo ya intaneti isathere pachabe. Tsamba lililonse likabwera lisungeni mu fayilo nthawi yomweyo. Tsiku loyamba ife tinkasonkhanitsa zonse kuti tisunge pamapeto, laputopu inazima ndi kutentha titafika pa tsamba la 26, zonse n'kupita.

Chomwe ndikupempheni ndi chakuti musapitirire antchito anayi kapena asanu, ndipo muzipumira masekondi angapo ndi time.sleep pakati pa mapempho. Makompyuta a Tor ndi a anthu omwe amalipira okha magetsi ndi intaneti, ndipo ena mwa owadalira moyo wawo uli pachiswe. Tsamba likakukanani kapena likakufunsani captcha (kamayeso kotsimikizira kuti ndinu munthu), lisiyeni.

Gwiritsani ntchito https nthawi zonse, chifukwa kompyuta yotulukira ija imatha kuwerenga zomwe sizinatsekedwe. Kampani ya netiweki idzaonabe kuti muli pa Tor, ngakhale sidzadziwa masamba ake. Ndipo musalowe mu akaunti yanu ya Facebook kapena imelo ya dzina lanu kudzera m'kapulogalamuka, chifukwa pamenepo mwadziulula nokha.