Momwe mungadzutsire Hilux yakale ndi kupeza pomwe madzi a injini akuthawira

Hilux ya amalume anga inakhala zaka 6 pansi pa mtengo wa mango ku Chinamwali, ku Zomba. Nkhuku zinkaikira mazira kumbuyo kwake, ana ankaseweramo za minibasi, tayala limodzi litamira m'dothi. Ndi LN106, zija Toyota inkapanga pakati pa 1988 ndi 1997, ya injini ya dizilo ya 3L, malita 2.8. Amalume ataona kuti ndikungoizungulira, anati, "Tenga, mphwanga, koma udziwe kuti imamwa madzi kuposa ng'ombe."

Sananame. Kuidzutsa kunali kosavuta kuyerekeza ndi kupeza pomwe madziwo ankathawira. Zomwe ndilembe pano zikugwiranso ntchito pa Land Cruiser kapena Land Rover yakale, ngakhale zipangizo zimakhala malo osiyana.

Musanaliize

Mtima umafuna kuika batire n'kupotokola kiyi tsiku lomwelo. Ugwireni. Yambani ndi mapepala: nambala ya chasisi ndi ya injini zifanane ndi zomwe zili mu blue book, ndipo ngati mwini wake ndi wina, konzani zosintha umwini ku Road Traffic musanamwazepo ndalama. Kenako lowani pansi ndi tochi ndi hamala yaing'ono, muzigogoda chasisi, makamaka pomwe pamangidwa masipuling'i. Chitsulo chabwino chimalira ngwe ngwe, chodyeka chimangoti phuphu n'kuyoyoka. Galimoto yomwe inkatenga nsomba ku Kachulu muiyang'ane kawiri, chifukwa nyanja ya Chilwa ilibe mtsinje wotulutsa madzi, ndiye madzi ndi matope ake ndi amchere. Chasisi ikakhala kuti yatha, ganizani mofatsa ngati mupitirire.

Chasisi ikakhala bwino, tsitsani dizilo wakale, musinthe oilo ndi mafyuluta onse, ndipo muone oilo wa giyabokosi, wa transfer case (kabokosi kogawira mphamvu ku mawilo akutsogolo ndi akumbuyo) ndi wa madifu onse awiri. Tsatirani mawaya ndi diso, popeza makoswe amakhala atachitapo phwando. Zunguzani injini ndi sipanala pa pule ya kutsogolo kuti mumve ngati sinagwirane. Timing belt, lamba wogwirizanitsa mavavu ndi mapisitoni, musinthe basi osaganizaganiza. Pa 3L amati isinthidwe pa makilomita 100,000, koma labala amakalamba ngakhale galimoto ili chiimire, ndipo ikaduka mavavu amagundana ndi mapisitoni.

Mabuleki ndi matayala zibwere injini ikangolira, musanatuluke pageti. M'mbali mwa tayala muli manambala anayi osonyeza sabata ndi chaka chomwe linapangidwa: 2315 ndiye kuti sabata ya 23 ya 2015. Mapanga ake akhoza kuoneka akuya koma lili lokalamba. Za penti ziiwaleni kaye.

Tsopano nkhani ya madzi

Yanga italira, m'tauni inkayenda bwinobwino. Vuto linkabwera pokwera ku Ku Chawe, pa phiri la Zomba. Pofika pakati pa makhotakhota aja, muvi wa kutentha unkayamba kusuntha, ndipo m'mawa mwake ndinkapeza madzi atatsika pafupifupi lita. Pansi pomwe ndaimika, ngakhale dontho. Makaniko wina atangomva zimenezi, boneti asanatsekule n'komwe, anati ndi gasiketi ya hedi, ija yomata pakati pa mutu wa injini ndi thunthu lake, tiphwasule. Ndinatsala pang'ono kuvomera. Yemwe anandipulumutsa ndi mdala wina wokonza malole, yemwe anangondifunsa kuti, "Achimwene, injiniyi mwaitsuka?"

Dongosolo lake ndi lomwe ndikukupatsani: yambani ndi chotsika mtengo, hedi ikhale yomaliza.

Choyamba, dziwani kuchuluka kwa madzi omwe mukutaya. Injini itazizira, dzazani rediyeta mpaka pakhosi, ndipo kabotolo ka madzi ka pambali pa rediyeta mukalembe mzere ndi peni pomwe madzi alekezera. Muziona m'mawa uliwonse injini isanalire. Chivindikiro cha rediyeta musachitsekule injini ili yotentha, ngakhale mutakulunga nsanza kumanja. Madziwo amakhala atapitirira madigiri 100, ndipo amatumphukira kumaso.

Chachiwiri, tsukani injini ndi sopo ndi madzi, mutaphimba alternator, chija chochajira batire, ndi pulasitiki, muisiye iume. Pa injini yokutidwa ndi oilo ndi fumbi la zaka zambiri simungaone kanthu. Ikauma, yalani katoni pansi pake usiku wonse. Dontho likagwa kutsogolo, ganizirani rediyeta, mapaipi akuluakulu kapena pampu ya madzi. Likagwa chakumbuyo, pafupi ndi giyabokosi, ganizirani timapaipi ta hita kapena ma welsh plug, tizitsulo totseka mabowo a m'buloko ya injini. Koma musathamange, chifukwa madzi amayenda m'zitsulo asanagwe. Atsatireni chokwera mpaka pamalo omaliza onyowa.

Chachitatu ndi chivindikiro chija, kanthu komwe ambiri amakanyoza. Ntchito yake si kungotseka. Chimasunga mphamvu mkati kuti madzi asawire msanga, ndipo nambala yake imalembedwa pamwamba, pa Toyota zambiri zakale 0.9. Mphamvu imeneyi imakweza powira madzi ndi madigiri pafupifupi 20. Kuno kwathu izi n'zofunika kwambiri, chifukwa mukamakwera, madzi amawira msanga: pa mamita 300 aliwonse pamachoka pafupifupi digiri imodzi. Tauni ya Zomba ndi yokwera pafupifupi mamita 900 poyerekeza ndi nyanja zikuluzikulu zamchere, pomwe nsonga za phiri zimapitirira 2,000. Ndiye chivindikiro chotopa chimabisala m'tauni n'kukaonekera kuphiri, pomwe injini ikulimbana ndi chitunda. Chitembenuzeni muone labala wake. Akakhala wosweka kapena wouma gwa, gulani china cha nambala yomweyo. Changa labala wake anali atang'ambika ngati chidendene cha m'chilimwe.

Nditasintha, madzi anachepa kutha koma sanasiye.

Chachinayi, gwirani mapaipi onse ndi dzanja injini itazizira. Paipi yabwino imabwerera mukaifinya. Yofewa ngati nthochi yakupsa, yotupa pafupi ndi kilipi, kapena yolira tsetsetse mkati, yatha. Yang'anani m'mphepete mwa makilipi ngati pali zoyerayera kapena zobiriwira zouma ngati mchere, chifukwa coolant, mankhwala othira mu rediyeta, akauma amasiya chizindikiro. Pansi pa pampu ya madzi pali kabowo kakang'ono komwe opanga anasiya dala. Kakayamba kudontha kapena kusiya mkwasa wa dzimbiri, ndiye kuti silo ya mkati, yotchinga madzi, yatha. Gwedezaninso fani, injini itazimitsidwa: ikamagwedera uku ndi uku, beringi ya pampu yapita. Ma welsh plug, tizitsulo tozungulira tokhomedwa m'mbali mwa buloko, timadyeka kuyambira mkati, makamaka m'galimoto yomwe yakhala ikumwa madzi a pamjigo. Pomaliza lowani mkati mugwire kapeti ya mbali ya pasenja. Ikakhala yonyowa, magalasi akuchita nthunzi ndiponso mukumva kafungo kotsekemera, ndi hita ya mkati mwa dashibodi.

Chachisanu, ndipo apa ndi pomwe nkhani yanga inathera, ikani mphamvu m'mapaipi injini ili yozizira. Magalaja ena ali ndi pressure tester, kapampu ka m'manja komangidwa pomwe pamakhala chivindikiro. Pompani mpaka nambala yolembedwa pa chivindikiro, osapitirira, chifukwa rediyeta yakale mukhoza kuiphulitsa nokha. Dikirani mphindi 15 mukuyang'ana muvi. Ukamatsika, penapake pakutuluka. Ubwino wake ndi woti injini yozizira siumitsa madzi, ndiye dontho lililonse limaoneka.

Tisanapompe, mdala uja anatuma mwana kukatenga ufa woyera kukhitchini. Anauwaza pang'onopang'ono polumikizira mapaipi ponse, mpaka kuseri kwa injini komwe dzanja limalowa movutikira. Patapita mphindi ngati zisanu, anandipatsa tochi ndi kagalasi kothyoka ka njinga yamoto. Kumbuyo, pomwe kapaipi ka hita kamalowera mkati mwa galimoto, ufa unali utasanduka phala. Pansi penipeni pa kilipi panali mng'alu wochepa ngati chikhadabo cha mwana. Injini ikatentha pachitunda, mng'aluwo unkatseguka, madzi n'kumafayira pa chitsulo chotentha n'kuuma pomwepo. N'chifukwa chake katoni inkadzuka youma.

"Ndi hedi yanu ija iyi," anatero akuseka.

Tinasintha timapaipi tonse tiwiri ndi makilipi ake. Musasinthe kamodzi kokha, chifukwa anzakewo anabadwa tsiku limodzi.

Nanga ikakhaladi hedi?

Zimachitika, ndipo injini za 3L zimadziwika kuti hedi yake imang'aluka zikatenthedwa mobwerezabwereza. Koma gasiketi kapena hedi ili ndi zizindikiro zake, simangoganizira. Injini itazizira, chotsani chivindikiro, muliize, muyang'ane m'khosi mwa rediyeta. Thovu lomwe likungotuluka osalekeza likusonyeza kuti mpweya wa m'masilinda ukulowa m'madzi. Paipi yam'mwamba ikauma gwa patangopita mphindi imodzi kapena ziwiri chiliziireni, injini isanatenthe n'komwe, ndi chizindikiro chomwecho. Utsi woyera wa m'mawa wa June usakuopseni, umatha injini ikafunda. Oopsa ndi womwe sukutha ndipo ukununkhira motsekemera. Onaninso dipisitiki ndi kunsi kwa chotsekera oilo: oilo wooneka ngati tiyi wamkaka ndiye kuti wasakanikirana ndi madzi. Palinso mankhwala a buluu omwe amayesera pakhosi pa rediyeta, amasintha mtundu akakumana ndi utsi wa injini.

Zikatsimikizika, musalole kuti angoika gasiketi yatsopano n'kumanga. Hedi ipite kwa a injiniyaring'i akaiyese ngati ili ndi mng'alu komanso ngati sinapindike, ngakhale zitafuna ulendo wa ku Blantyre. Pomanga, mabawuti amangidwe ndi torque wrench, sipanala yoyeza kulimba kwa bawuti, motsatira ndondomeko ya m'buku, osati ndi paipi yowonjezera pa sipanala.

Ziwiri zomwe sindigwirizana nazo

China ndi kuthira dzira, tsabola kapena mankhwala otseka mabowo mu rediyeta. Mutafera ku Jali usiku, chitani zomwe zingakufikitseni kunyumba. Koma zinthuzi sizisankha bowo: zimatseka lodonthalo, n'kutsekanso timipata ta rediyeta ndi ta hita. Mukafika, tsukani zonse.

Chinacho ndi kuchotsa thermostat, komwe amakaniko ambiri amachita ponena kuti kuno n'kotentha. Kachipangizoka kamatseguka pa madigiri 80 ndi pang'ono kuti injini ifunde msanga n'kukhazikika pa kutentha koyenera. Mukakachotsa, injini imayenda yozizira nthawi yaitali, imadya dizilo wambiri ndipo imatha msanga, pomwe chomwe chinkaitenthetsacho chili pomwepo. Ngati mukukakayikira, kaikeni mumphika wa madzi pamoto muone ngati kakutseguka madzi asanawire. Nthawi zambiri wolakwa amakhala rediyeta yotsekeka ndi njere za udzu ndi matope, kapena fani. Rediyeta muitsuke kuchokera mbali ya injini kupita kunja, ndi madzi opanda mphamvu kwambiri kuti timapepala take tisapindike. Fani ya viscous, ija yogwira ndi mafuta okhuthala a mkati mwake, muiyese injini itatentha koma mutaizimitsa: iyenera kulimbalimba mukaikankha ndi dzanja. Ikangozungulira yokha ngati pepelu, yatha.

Kuthiranso madzi

Bowo likatsekedwa, tsitsani madzi onse akale, mutsuke mpaka otuluka akhale oyera. Pa yanga anayamba kutuluka ofiira ngati a mumtsinje nthawi ya dzinja. Ena amati coolant ndi wa kumayiko ozizira. Zoona kuno madzi saundana, koma coolant amatetezanso ku dzimbiri, ndipo dzimbiri ndi lomwe limadya ma welsh plug ndi pampu. Werengani botolo: wina amabwera wosakaniza kale, wina mumasakaniza theka ndi theka ndi madzi. Madziwo akhale a distilled, aja othira m'batire, osati asidi. A pamjigo amasiya miyala mkati ngati ija ya mu ketulo. Musasakanize mitundu iwiri ya coolant. Wakaleyo musamusiye m'beseni pabwalo, chifukwa ndi wotsekemera koma ndi poizoni kwa ana, agalu ndi nkhuku.

Pothira, imikani galimoto itayang'ana kumtunda, zomwe ku Zomba sizisowa. Ikani hita pa kutentha kwambiri, thirani pang'onopang'ono, muliize chivindikiro chili chochotsa, muzifinya paipi yam'mwamba kuti mpweya utuluke. Thermostat ikatseguka madzi amatsika mwadzidzidzi. Onjezerani, tsekani, mudzaze kabotolo ka pambali mpaka pamzere.

Poyesa, musayambire kuphiri. Yendani kaye mu M3, kukafika ku Thondwe kapena ku Domasi n'kubwerera, m'mawa mwake muone mzere uja. Ukakhala pomwepo, ndiye kwerani ku Ku Chawe masana dzuwa likuswa mtengo, diso lili pa muvi. Za 4x4 muziyesere pa msewu wafumbi, osati pa tala: tsekani mahabu a kutsogolo pa LOCK, muyese H4 (mawilo onse anayi, giya yothamanga), kenako muime n'kulowetsa L4 (mawilo onse anayi, giya yamphamvu). Pa tala mawilo saterera, ndiye pokhota magiya amakokana.

Yanga yakwera phiri katatu chikonzereni, kamodzi itanyamula anthu asanu mu October, ndipo mzere wa peni sunasunthe. Chigubu cha malita 5 ndimayendabe nacho kuseri kwa mpando. Chitseko cha pasenja chimatsekukabe ndi kunja kokha, ndipo sabata yamawa tikuyamba mabushi a masipuling'i akutsogolo.